Tsiku loyeza BP ku Ndirande: tiyeze bwanji, tiwauze chiyani anthu?

Bambo Gondwe:
Moni nonse pagulu pano. Komiti yagwirizana kuti tsiku loyeza BP lichitike Loweruka loyandikira pa 29 Sepitembala, tsiku lokumbukira za mtima padziko lonse. Malo ndi holo ya tchalitchi kufupi ndi msika wa Ndirande. Makina tapeza anayi: atatu omanga pamkono, amodzi ovala ngati wotchi. Achinyamata khumi adzipereka kudzayeza anthu. Chotsala ndi ndondomeko. Ayeze bwanji, nambala yoti munthu apite nayo kuchipatala ndi iti, ndipo pa mphindi 15 zimene atipatsa zolankhula tinene chiyani? A zachipatala muli muno, tiunikireni.

Mayi Nachisale:
Zikomo a Gondwe. Ovala ngati wotchiwo asiyeni kunyumba. Dzanja likangotsika kapena kukwera pang'ono kusiyana ndi pamene pali mtima, nambala imasintha, ndiye wosazolowera amalemba zabodza osadziwa. Atatu aja akwana.

Munthu akafika asayezedwe nthawi yomweyo. Ambiri adzakhala atayenda wapansi kuchokera ku Goliyo kapena ku Makata, thukuta lili kamukamu. Akhale kaye pampando wotsamira, pamthunzi, mphindi 5. Mapazi onse aponde pansi, osasanjikiza miyendo. Mkono ugone patebulo kuti lamba akhale pofanana ndi mtima. Lamba amangidwe pakhungu, osati pamwamba pa juzi, ndipo m'munsi mwake musiye masentimita 2 kapena 3 kuchokera popindikira chigongono. Zala ziwiri zizitha kulowa pansi pa lambayo. Makina akamapopa, woyezedwa asalankhule, ndipo woyeza asamufunse dzina kapena zaka nthawi imeneyo, afunsiretu. Yezani kawiri, mosiyanitsa mphindi imodzi kapena ziwiri, mulembe zonse. Wa mkodzo ayambe wapita kuchimbudzi. Amene wangosuta fodya, kumwa khofi kapena zakumwa zija amati zopatsa mphamvu adikire mphindi 30.

Limbani:
Za lamba zija ndiwonjezerepo, mayi, chifukwa ndi pamene masiku oyeza ngati awa amalakwira kwambiri. Lamba amene amabwera ndi makina ambiri amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32 kuzungulira kwake. Zimalembedwa pa lamba pomwepo, kaoneni. Mukamanga lamba wamng'ono pa mkono waukulu, nambala imakwera mwabodza, nthawi zina ndi 10 kapena kuposa. Amayi onenepa mudzawauza kuti BP yakwera pomwe vuto ndi lamba wanu. A Gondwe, gulani lamba mmodzi wamkulu, wa 32 mpaka 42, wogwirizana ndi mtundu wa makina anuwo, ndi tepi ya atelala yoyezera mkono.

Nambala zake tsopano. Yam'mwamba ndi mphamvu ya magazi mtima ukamapopa, yam'munsi ndi pamene mtima wapumira. Pansi pa 120/80 zili bwino. Yam'mwamba ikafika 140, kapena yam'munsi ikafika 90, yakwera, ngakhale itakhala imodzi yokha mwa ziwirizo. Wotereyu akayezedwenso kuchipatala cha kufupi sabata yomweyo kapena yotsatira. Ikafika 180 yam'mwamba kapena 110 yam'munsi, mukhazikeni mphindi 15 muyezenso. Ikakhala pomwepo, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati pamwamba pa nambala imeneyo pali kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu waukulu, kusaona bwino, kusokonekera mutu kapena kufooka mbali imodzi, musayezenso, pezani galimoto.

Che Yusufu:
A dokotala, funso limene achinyamatawo adzafunsidwa kambirimbiri ndi lakuti "ndiye kuti ndili ndi BP?" Ayankhe chiyani munthu wa 150/95?

Limbani:
Ayankhe kuti "lero yakwera, kayezetseninso." Basi. Matendawa amatsimikizika nambala ikapezeka yokwera pa masiku awiri osiyana. Mantha, dzuwa, kuyenda, ngakhale kungoona makina, zimakweza BP kwa kanthawi. Achinyamata athu si oti azipeza matenda, ntchito yawo ndi kusefa anthu oti akaonedwe. Koma asapitenso mbali inayo yomutonthoza kuti "palibe vuto, mwangoganiza kwambiri." Mawu amenewo ndi amene amagonetsa anthu zaka zisanu osayezetsanso.

Mayi Nachisale:
Nkhani ya kuganiza kwambiriyi ilowe m'zolankhula zija, chifukwa ndiyo yazika mizu. Anthu amakhulupirira kuti BP ndi matenda a nkhawa, obwera pa maliro kapena ngongole ikathina, ndipo mtima ukakhala m'malo amatha okha. Nkhawa imakwezadi, koma zimene zimaikhazika pamwamba ndi zina: mtundu, zaka, mchere, kunenepa, mowa, matenda a impso, kukhala osagwiritsa ntchito thupi. Chachiwiri, anthu amadikira kumva mutu kapena chizungulire. Ambiri a BP yokwera samva kalikonse. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowa sankadziwa. Ndiye pa anthu 200 amene angabwere Lowerukalo, musadabwe makumi angapo atatuluka ndi kapepala kopita nako kuchipatala.

Chachitatu ndi choti BP ndi kuchuluka kwa magazi, ndiye kupereka magazi kapena kuchepetsa masamba kungaitsitse. Ayi. Munthu akhoza kukhala wochepa magazi koma BP ili pamwamba. Vuto lili pa kuthina ndi kuuma kwa mitsempha. Zili ngati madzi odutsa mwamphamvu mu paipi yothina: pampu imatopa, ndipo paipi imaphulika pamene pali pofooka. Mtima umakhuthala kenako n'kulefuka, mtsempha wa mu ubongo umaphulika kapena kutsekeka, timisefa ta mu impso timawonongeka, maso nawonso amakhudzidwa.

Bambo Gondwe:
Ndalemba. Nanga amene ali kale pa mankhwala tiwayezenso?

Tiyamike:
Ayezedwe, ndipo amenewo ndiwo ofunika kucheza nawo kwambiri. Auzeni abwere ndi buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala amene akumwa. Funso likhale lakuti "mwamwa lero?" osati "mumamwa mankhwala?" chifukwa lachiwirili aliyense amavomera.

Mankhwala amene mudzawaone kwambiri ndi HCT, amlodipine, enalapril, nifedipine ndi atenolol. Kwa ife anthu akuda, amlodipine ndi HCT amatsitsa bwino kuposa enalapril womwedwa payekha, n'chifukwa chake madokotala amakonda kuyambira pamenepo. Anthu ambiri amafunika mitundu iwiri, ena itatu, ndipo kuwonjezeredwa mtundu wina sikutanthauza kuti munthu watsala pang'ono kufa. Mankhwalawa amatenga sabata ziwiri mpaka zinayi kuti aonetse mphamvu yake yonse. Sachiritsa, amangoigwira. Nambala ikatsika kufika 125/80 ndiye kuti akugwira ntchito, si chizindikiro choti asiyidwe. Apa ndi pamene anthu amagwera: amwa mwezi umodzi, apeza bwino, asiya, n'kumamwa tsiku limene mutu wawawa lokha.

Zifukwa zosiyira n'zodziwika ndipo zonse zili ndi njira yake. HCT amakodzetsa, ndiye amwedwe m'mawa, osati pogona, ndipo kwa ena amadzutsa nyamakazi ya chala chachikulu chakuphazi. Amlodipine amatupitsa akakolo, makamaka pa 10 mg. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma chosatha, chimene ena amayamba kuchiganizira TB. Akatupitsa milomo kapena lilime, asiyidwe pomwepo ndipo munthu athamangire kuchipatala. Atenolol sasiyidwa mwadzidzidzi, mtima umathamanga koopsa. Abambo ena amasiya mwakachetechete chifukwa mphamvu za m'banja zachepa. HCT ndi atenolol amatha kuchita zimenezo, koma BP yosasamalidwa imawononga mphamvuzo kuposa mankhwala. Anene kwa dokotala awasinthire mtundu. Woiwala kumwa asamwe awiri mawa lake.

Che Yusufu:
Nanga mankhwala akasowa kuchipatala? Zimachitika, ndipo anthu amangobwerera kunyumba kudikira mwezi wamawa.

Tiyamike:
Apemphe kuti dzina la mankhwala ndi mlingo wake zilembedwe m'buku momveka bwino, akagule ku famase yovomerezeka. HCT ndi amlodipine ali m'gulu la mankhwala otsika mtengo. Asagule a pamsika oyalidwa padzuwa, ndipo asabwereke a mnansi ngakhale onse amati "a BP." Azipita kukatenga ena kukadatsala a sabata imodzi.

Palinso mankhwala okweza BP amene anthu amamwa ngati maswiti: brufen, diclofenac ndi indocid. Amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amafooketsa mphamvu ya mankhwala a BP, ndipo amapweteka impso. Agogo a msana ndi mawondo amamwa tsiku ndi tsiku. Wa BP, wa mtima kapena wa impso agwiritse ntchito panado. Prednisolone womwedwa nthawi yaitali amakweza BP ndi shuga. Mapiritsi a chimfine otsegula mphuno nawonso amakweza. Amayi a BP yokwera amene akumwa mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku okhala ndi estrogen akakambirane ndi a zakulera, njira zina monga ya pamkono ndi lupu zilipo.

Ndipo chonde, pa holo paja pasapezeke munthu wopereka piritsi kwa wina amene yakwera kuti itsike msanga. Makamaka kuika nifedipine pansi pa lilime. BP ikagwa mwadzidzidzi ubongo umasowa magazi, munthu n'kuchita sitiroko m'manja mwanu.

Mphatso:
Ine ndipempha mphindi zisanu mwa 15 zija zikhale za mchere, chifukwa ndi chinthu chimene banja lililonse lingasinthe madzulo omwewo popanda ndalama. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosasefukira, kuphatikiza mchere wonse wobisika m'zakudya. Kunena magalamu anthu sagwira, ndiye auzeni motere: banja la anthu asanu, paketi ya magalamu 500 iyenera kutha masiku osachepera 20. Ikamatha sabata imodzi kapena ziwiri, mchere wachuluka pakhomopo. Ndipo kuwerengera kumeneku n'kongopeputsa, chifukwa ana amafunika wochepa kuposa pamenepo, komanso sitinawerengere wobisika uja.

Wobisikawo uli mu timakyubu ndi tiufa tokometsera ndiwo, soseji, polony, buledi, tokhwasula ta m'mapaketi ta ana asukulu, bakayawo ndi nsomba zina zouma zamchere, ndi kamchere kosakaniza ndi tsabola ka pa chiwaya ndi pa kanyenya. Mayi amathira kyubu, n'kuthiranso mchere, patebulo bambo n'kuwazanso asanalawe n'komwe. Katatu pa mbale imodzi. Choyamba kuchotsa ndi mchere wa patebulo. Chachiwiri, ngati mwathira kyubu musathirenso mchere. Nsomba zamchere zinyikidwe m'madzi ofunda, madziwo atayidwe, ziphikidwe popanda kuwonjezera. Kukoma kuchokere ku anyezi, tomato, adyo, jinja, mandimu, kambuzi ndi nsinjiro. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakatha sabata zingapo. Mukadula tsiku limodzi, a m'nyumba amaukira ndipo mcherewo umabwerera. Pa mapaketi akalemba sodium, chulukitsani ndi 2.5 kuti mupeze mchere wake. Wochepa umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini.

Abiti Saidi:
Achemwali a Mphatso, nanga soda wa mu therere ndi nkhwani? Amayi adzafunsa ndithu. Ena amati iwo mchere anasiya koma soda amathira tsiku lililonse.

Mphatso:
Soda wa m'sitolo ali ndi sodium yemweyo amene timathawa mu mchere. Supuni yaing'ono imodzi ili ndi sodium woposa galamu imodzi, kupitirira theka la mlingo wa munthu wa tsiku lonse. Mumphika wa banja lonse kansonga ka supuni si koopsa, koma amene amathira mowolowa manja tsiku ndi tsiku asamadzinamize kuti anasiya mchere. Chidulo cha phulusa chili ndi sodium wochepa, chochuluka ndi potaziyamu, koma zonse ziwiri zimapha mavitamini ena m'masamba. Wa matenda a impso asamale ndi chidulo. Nkhwani wanthete wosadzulidwa bwino amapsa popanda soda.

Za mafuta ndi shuga mwachidule. Mafuta ophikira ayezedwe ndi supuni, osati kupendeka botolo. Nkhumba yonona, zam'kati, mang'ina ndi khungu la nkhuku zikhale za apo ndi apo. Nyemba, nandolo, khobwe, usipa, mtedza, bonongwe, chisoso, mpiru, nthochi ndi mapeyala ndi zabwino ku mtima ndipo zili pamsika pomwepo. Masamba ndi zipatso zifike magalamu 400 patsiku. Botolo la 300 ml la zoziziritsa kukhosi zambiri limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 30, masupuni aang'ono 7 kapena 8, ndiye wina n'kuthiranso masupuni anayi mu tiyi. Nsima sitikuletsa, koma mitanda ichepe, ndiwo zamasamba zichuluke, ndipo mgaiwa uposa woyera.

Limbani:
Pa kunenepa musavutike ndi masamu a sikelo. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwa munthu kuchokera kuphazi kufika pamutu, muchipinde pakati. Chopindacho chizungulire mimba pa mchombo. Chikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Ndi tepi, malire ndi masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi. Mimba ija timaitcha ya mabwana ndiyo imayenda ndi shuga ndi BP. Koma nenaninso kuti owonda nawo amadwala BP, asamadzione ngati opulumuka.

Kulimbitsa thupi ndi mphindi 150 pa sabata, kapena kuti 30 pa masiku asanu, moti munthu apume mofulumira koma n'kumatha kulankhula. Wotsika wapansi kupita ku Ginnery Corner m'mawa uliwonse, wolima, wosenza katundu, akukwanitsa kale. Uthengawu ndi wa okhala mu ofesi, mu shopu, pa chiwongolero ndi pa makina osokera tsiku lonse. Fodya alibe mlingo wabwino, kaya ndi ndudu, chingambwe kapena wa mphuno wa agogo aakazi. Wosiya kusuta, pakatha chaka chimodzi chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chimatsika pafupifupi ndi theka. Mowa wambiri, kachasu kaya wa m'mabotolo, umakweza BP ndipo umafooketsa mnofu wa mtima. Mbaula isayakire m'nyumba yotseka.

Dalitso:
Pepani akuluakulu, ndalowa mochedwa, koma zonse mwakambazi ndi za anthu akulu. Matenda a mtima amene akupha ana ndi achinyamata kwathu kuno amayambira pakhosi, ndipo makolo sakuwadziwa. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 amadwala zilonda zapakhosi zoyamba ndi kachilombo kotchedwa strep: kutentha thupi, kuwawa pomeza, mwanabele m'khosi, mafinya oyera kummero, kawirikawiri popanda chifuwa kapena chimfine. Zimapola zokha, makolo n'kuiwala. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, chitetezo cha m'thupi chimene chimalimbana ndi kachilombo kaja chimatembenukira mfundo ndi mavalavu a mtima, tizitseko tolola magazi kuyenda mbali imodzi. Mwana amatentha thupi, bondo limatupa n'kuwawa, mawa lasiya kwayamba kakolo, kenako chigongono. Malungo akayezedwa sapezeka, komabe amamwetsedwa LA. Ena amayamba kugwedezeka manja ndi nkhope mosafuna, kugwetsa makapu, kulemba mokhotakhota kusukulu, ndiye amathamangira nawo kwa asing'anga poganiza kuti alodzedwa.

Matendawa akamabwerezabwereza mavalavu amauma kapena kuyamba kudontha. Pofika zaka 15 kapena 20 mwana akubanika, miyendo yatupa. Atsikana ena amadziwikira pa mimba yoyamba, mtima utalephera kusenza. Opaleshoni ya valavu ndi yodula kwambiri, ambiri amachita kutumizidwa kunja monga ku India, ndipo mndandanda wodikira ndi wautali.

Kupewa kwake n'kotchipa. Mwana wa zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite kuchipatala, ndipo akapatsidwa penicillin kapena amoxicillin amalize masiku 10 onse, osati atatu amene khosi lasiya kuwawa. Njira ina ndi jakisoni mmodzi wa benzathine. Amene anapezeka kale ndi matendawa amabayidwa benzathine sabata zinayi zilizonse, kwa zaka zosachepera 10 ngati mtima unakhudzidwa, ena mpaka atakwanitsa zaka 40 zakubadwa kapena moyo wonse. Jakisoniyu amawawa, ana amathawa, makolo amatopa. Mwezi wodumphidwa ndi mwezi umene kachilombo kamapezanso mpata. Ndikupempha mphindi zitatu.

Bambo Gondwe:
Mwapatsidwa, a Dalitso. Tidzauza a Sande sukulu kuti makolo a ana asachoke msanga. Tsopano za mwadzidzidzi. Wina pa komiti wanena kuti tigule aspirin wambiri wodzapereka kwa aliyense wa BP yokwera, akuti amateteza mtima.

Limbani:
Musagule wogawa. Aspirin wa tsiku ndi tsiku ndi wa amene anadwalapo kale mtima kapena sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha, ndipo amalemba ndi dokotala. Kwa munthu wa BP yosalamulirika amawonjezera ngozi yotaya magazi mu ubongo ndi m'mimba.

Pomwe amathandiza ndi pamene mtsempha wodyetsa mtima watsekeka. Zizindikiro zake: kulemera kapena kufinya pakati pa chifuwa kopitirira mphindi 15, kofalikira ku mkono wamanzere, nsagwada kapena msana, thukuta lozizira, nseru, kubanika. Ambiri amati ndi chilungulira kapena zilonda zam'mimba, n'kumwa mkaka kudikira kuti kuche. Amayi, okalamba ndi a shuga nthawi zina samva kupweteka kwenikweni, amangofooka ndi kubanika. Wotereyu akhale pansi motsamira, atafune aspirin wa 300 mg ngati thupi lake silidana naye ndipo sakutaya magazi, kenako galimoto ya ku Queens, ku AETC kolandirira akulu odwala mwadzidzidzi. Asayende wapansi, asayendetse yekha.

Sitiroko ndi nkhani ina, ndipo kwathu kuno ndiyo yofala kuposa ya mtimayo. Muuzeni amwetulire, muone ngati kamwa yapotokera mbali imodzi. Akweze manja onse, muone ngati limodzi likugwa. Anene chiganizo chachifupi, mumve ngati lilime likulemera. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikwanira. Lembani nthawi imene zayamba. Musamupatse aspirin, chifukwa popanda sikani simungadziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika, ndipo ngati waphulika aspirin amawonjezera kukha magazi. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala, ambiri amalephera kumeza, zimalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Mugonekeni chammbali. Zizindikiro zikatha zokha pakapita mphindi zochepa, apitebe tsiku lomwelo, limenelo ndi chenjezo lakuti yaikulu ili pafupi.

Mayi Nachisale:
Kamodzi kokha koti muwonjezere apo, a dokotala: ngati wodwalayo ndi wa shuga, womwa glibenclamide kapena wobaya insulin, yezani shuga msanga. Shuga wotsika amafanana ndi sitiroko. Akakhala pansi pa 70 pa makina owerenga mg/dL, kapena 3.9 pa owerenga mmol/L, ndipo munthuyo akutha kumeza, madzi a shuga amamudzutsa.

Munthu akagwa, osayankha, osapuma, mugonekeni chagada pansi polimba, manja onse pakati pa chifuwa, kanikizani mozama masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osalekeza, wina akufuna galimoto. Kumuthira madzi ndi kumukupiza sikuthandiza.

Amayi oyembekezera ali ndi malire awo. 140/90 pa mimba yopitirira sabata 20 ndi ya tsiku lomwelo, osati sabata yamawa. 160/110, kapena mutu waukulu, kuona nyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti kumanja, ndi ngozi, akhoza kukomoka. Enalapril saloledwa pa mimba, amawononga impso za mwana. Mayi wa BP amene akufuna kutenga pakati anene asinthiridwe ku methyldopa kapena nifedipine. Amene BP inakwerapo pa mimba aziyezetsa chaka chilichonse ngakhale inatsika atabereka. Ndipo mayi amene wangochira kumene, miyezi yoyambirira, akamabanika pogona ndi kutupa miyendo, si kutopa kwa uchembere, mtima ukhoza kukhala utafooka.

Abiti Saidi:
Kubanika pogonaku anthu ambiri amakutcha mphumu. Tisiyanitse bwanji powafotokozera?

Limbani:
Funsani mafunso atatu. Mumagonera mapilo angati, kapena mumachita kugona chokhala? Mumadzuka pakati pa usiku mukusowa mpweya? Mapazi akutupa moti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje? Akavomera, ganizirani mtima wolefuka, akaunikidwe. Kwathu kuno zoyambitsa zazikulu ndi BP ya zaka zambiri, mavalavu aja a Dalitso anena, kufooka kwa mnofu wa mtima, kuchepa magazi kwambiri, ndi TB ya kathumba kokuta mtima, imene imadzaza madzi mozungulira mtima makamaka kwa amene ali ndi HIV. Amene ali kale pa lasix, mankhwala ochotsa madzi m'thupi, adziyeze pa sikelo m'mawa uliwonse. Kukwera makilogalamu 2 m'masiku atatu ndi madzi, si kunenepa, apite asanafike tsiku lake.

Poti ndatchula HIV: amene ali pa ma ARV akukhala moyo wautali tsopano, ndiye BP, shuga ndi sitiroko zikuwapeza, ndipo kachilomboko pakokha kamawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Azipempha kuyezedwa BP pokatenga mankhwala. Ena amanenepa pa ma ARV otchedwa 13A, ayang'anire mimba. Wa shuga amene akumwa metformin limodzi ndi 13A adziwitse mbali zonse ziwiri, chifukwa dolutegravir, amene ali mu 13A, amakweza mlingo wa metformin m'magazi. Koma asasiye ma ARV poopa zimenezi.

Che Yusufu:
Za adyo, mandimu, chammwamba ndi nimu tiyankhe bwanji? Mukanyoza, anthu amatseka makutu.

Tiyamike:
Osanyoza. Adyo ndi chammwamba ndi zakudya zabwino, adye mu ndiwo. Koma palibe mwa izo chimene chingatsitse 170 kufika 130. Yankho lachilungamo ndi makina: amene akuti zitsamba zikumuthandiza ayezedwe, aone yekha nambala. Zoopsa ndi mabotolo osalembedwa zimene zili m'kati, ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, oti amatsuka magazi ndi kuchiza BP, shuga ndi zina khumi. Impso zowonongeka kale ndi BP sizipirira zoterozo, ndipo makina otsuka magazi ku Queens ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna.

Mayi Nachisale:
Zotsala za patebulo. Makina ena amaonetsa kachizindikiro ka mtima wogunda modumphadumpha. Kakatuluka, gwirani mtsempha wa padzanja mphindi yathunthu. Wabwinobwino amagunda ka 60 mpaka 100 mwadongosolo. Wodumphadumpha alembedwe kuti akaonedwe ngakhale BP ili bwino, chifukwa kugunda kotero kumaumbitsa magazi mu mtima n'kuyambitsa sitiroko. Amene ali ndi makina kunyumba ayeze m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, masiku 7, ataye za tsiku loyamba, ndipo malire a kunyumba ndi 135/85.

Aliyense atuluke ndi kapepala kolembedwa tsiku, nambala zonse ziwiri, mkono umene wayezedwa ndi zoti achite. Ndi bwino kulemba m'buku lake la kuchipatala ngati wabwera nalo. Nambala ya munthu isalengezedwe mokweza pamzere.

Bambo Gondwe:
Vuto limodzi: Loweruka masana zipatala zing'onozing'ono zimakhala zikuona a mwadzidzidzi okha. A 180 aja tidzawatumiza kuti?

Limbani:
N'chifukwa chake muyambe 7 koloko m'mawa, mutseke 11. Che Yusufu akaonane ndi oyang'anira chipatala cha Ndirande sabata isanafike, adziwe kuti kudzabwera anthu ndi timapepala tathu Lowerukalo ndi Lolemba lake. A zizindikiro zoopsa ndi amayi oyembekezera a 160/110 asazungulire, galimoto imodzi ikhale panja ndi mafuta ndi woyendetsa mpaka titatseka. Manambala a foni a onse otumizidwa alembedwe, ngati avomera, kuti pakatha sabata ziwiri wina awaimbire kufunsa ngati anapita. Mabatire mugule atsopano, ndi ena apadera a makina alionse, chifukwa akafooka makina amalephera kupopa lamba n'kumangoonetsa kuti alakwitsa. Achinyamata khumi aja tikumane nawo Lachinayi 5 koloko madzulo ku holo komweko, aliyense adzayeze mnzake katatu ife tikuona.